Ecuador sidalakwitse kukweza mtengo wolowera ku Galápagos

Pa 1 Ogasiti 2024 boma la Ecuador lidakweza ndalama imene mlendo wochokera kutali amalipira akangotsika ndege pa zilumba za Galápagos, zimene mbali yake yaikulu ndi paki yosungira zachilengedwe. Mtengo udachoka pa madola 100 kufika pa madola 200. Nzika ya dzikolo, imene inkapereka madola 6, tsopano ikupereka 30. Mtengo wakalewo udaikidwa mu 1998 ndipo udakhala zaka 26 osasunthika, choncho sizodabwitsa kuti kuukhudza kudautsa mapiri pachigwa. Eni nyumba zogona alendo adadandaula kuti malonda afa, apaulendo a thumba lopepuka adati zilumbazo zasanduka munda wa anthu olemera, pomwe ena oteteza zachilengedwe adati madola 200 ndi nthabwala chabe. Ine maganizo anga ndi akuti boma lidachita bwino, ndipo ngati pali pamene lidalakwitsa ndi pochedwa. Malo amene amaonongeka ndi phazi la mlendo sangagulitsidwe pamtengo umodzi ndi malo amene amapuma chifukwa cha phazi lomwelo, ndipo Ecuador ili ndi malo a mitundu iwiri yonseyi.

Kuti mfundoyi imveke, tiyambe taona m'mene ulendo wa kumeneko umayendera. Alendo ambiri amafikira ku Quito, likulu limene lili m'mapiri a Andes pamtunda wa mamita 2,850, kotero kuti wofika kumene amachita befu akangokwera masitepe ochepa. Kuchoka apo, amene ali ndi masiku amatsika chakummwera pamsewu wodutsa pakati pa mapiri ophulika, Cotopaxi mbali iyi, Chimborazo mbali inayo, mpaka kukafika ku Cuenca. Akatero amatsetserekera kugombe, kumzinda wa Guayaquil, n'kukwera ndege ya maola pafupifupi awiri kuoloka makilomita 1,000 a nyanja ya Pacific. Kumeneko ena amagona m'sitima imene imayenda usiku kuchoka pachilumba china kupita pa china, ena amagona kumtunda n'kumakwera maboti masana. Mu 1978, pamene bungwe la UNESCO linkalemba koyamba malo 12 oyenera kusungidwira dziko lonse lapansi, Quito ndi Galápagos zidalowa limodzi m'kaundulayo. Ogulitsa maulendo amaziika pa risiti imodzi, ngati ndiwo ndi nsima. Koma zinthu ziwirizi n'zosiyana chibadwidwe.

Mzinda wakale wa Quito udamangidwa ndi anthu ndipo umafuna anthu. Asipanya adaukhazikitsa mu 1534 pamalo pamene padali kale mzinda wa Ainka, mtundu umene unkalamulira chigawocho iwo asanafike. Tchalitchi cha La Compañía, chimene mkati mwake adakuta ndi golide wopsapsala, chidatenga zaka 160 kuti chithe, kuyambira 1605 mpaka 1765. Ndisabise apa kuti kukongola kumeneku kuli ndi fungo la thukuta la eni nthaka amene ankagwiritsidwa ntchito yathangata, ndipo woperekeza alendo amene amangotchula golide osatchula manja amenewo wasiya theka la nkhani. Komabe chimene ndikufuna kunena ndi ichi: chivomerezi cha mu 1987 chidang'amba makoma a matchalitchi ndi nyumba zakale, koma amisiri adabwera, adamata, adakonza, ndipo lero anthu akupempheramo. Mu Disembala 2023 mzindawu udatsegula sitima ya pansi panthaka yokhala ndi siteshoni pabwalo lakale la San Francisco, imene imatula anthu pakati penipeni pa mzinda wakalewo. Ku Cuenca nako, mzinda wa mu 1557 umene udalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1999, mlendo aliyense woonjezereka ndi kasitomala wa mayi woluka zipewa za udzu wa toquilla, zija dziko lonse limazinamizira kuti n'za ku Panama. Mzinda wotere ukasowa anthu ndi pamene umagwa, chifukwa nyumba yopanda mwini imayamba kudontha.

Tsono tembenukirani kuzilumba. Kumeneko chikaonongeka chaonongeka, palibe mmisiri wochimata. Pa 24 Juni 2012 adafa kamba wamkulu amene ankatchedwa Lonesome George, wotsiriza wa mtundu wa pachilumba cha Pinta, ndipo mtunduwo udathera pomwepo. Anzake adadyedwa ndi amalinyero, ndipo msipu wawo udathedwa ndi mbuzi zimene anthu adatula pachilumbapo. Lero mdani wamkulu ndi wochepa kuposa mbuzi: ntchentche yotchedwa Philornis downsi, imene idalowa ndi anthu. Imaikira mazira m'zisa, ndipo mphutsi zake zimayamwa magazi a anapiye a timbalame tonga mpheta tija tidatchuka chifukwa cha Charles Darwin, katswiri wa maphunziro a kusinthika kwa zamoyo, yemwe adafika pazilumbazi mu 1835. Mtundu umodzi wa timbalameti, wokhala m'mitengo ya m'mphepete mwa nyanja pachilumba cha Isabela, watsala ndi mbalame pafupifupi 100 basi. Palibe mlendo amene amanyamula ntchentche mwadala. Koma mlendo amadya, amasamba, amafuna magetsi ndi mowa wozizira, ndipo zambiri mwa zimenezi zimabwera pa sitima za katundu kuchokera ku Guayaquil. Sitima iliyonse ndi ndege iliyonse ndi mpata wa nyerere, khoswe kapena njere ya udzu wachilendo. Mu 1980 alendo sadafike 20,000 pachaka. Mu 2000 adali pafupifupi 70,000. Mu 2023 adapitirira 329,000, pa zilumba zimene anthu okhazikika ndi 28,000 ndi chakuti. Walira mvula walira matope, ndipo wina ayenera kulipira wokolopa.

Otsutsa oyamba akuti kukweza mtengo ndi kutsekera osauka kunja. Iwo akuti chuma cha dziko lonse lapansi sichiyenera kuonedwa ndi okhawo a matumba olemera, ndipo mwana wa sukulu wokonda zachilengedwe ali ndi ufulu woona kamba wamkulu mofanana ndi mkulu wa kampani. Mtima wa mfundoyi ndi wabwino, koma masamu ake sakugwira. Choyamba, madola 100 a mu 1998 si madola 100 a lero. Potengera kukwera kwa mitengo ya zinthu ku America, kumene ndalamayi imachokera, madola 100 a nthawi imeneyo akufanana ndi pafupifupi 190 a mu 2024. Kunena kwina, mtengo sudakwere kwenikweni, udangobwezeretsedwa pamene udali, ndipo zaka zonse zapakatizi mlendo wakhala akulipira mocheperachepera chaka ndi chaka osazindikira. Taganizani mwini nyumba amene sadakwezepo lendi kuyambira 1998 pomwe simenti, malata ndi amisiri zonse zakwera. Tsiku limene wadzuka sitingamutche wakuba. Chachiwiri, munthu amene walipira ndege kuchoka ku London kapena ku Johannesburg mpaka ku Quito, n'kulipiranso ina yopita kuzilumba, wataya kale madola masauzande asanaone buluzi ndi mmodzi yemwe. Amene adamutsekera kunja ndi tikiti ya ndege, osati chipata cha paki. Kumene ndikumva kulira koona ndi kwa nzika za Ecuador, chifukwa kuchoka pa 6 kufika pa 30 ndi kuchulukitsa kasanu, m'dziko limene malipiro otsikitsitsa apamwezi mu 2024 adali madola 460. Koma ngakhale apo, mtengo udakali wa masitepe: nzika ikulipira 30, oyandikana nawo a m'maiko monga Peru ndi Colombia akulipira 100, wakutali 200. Wolemera ndi amene wasenzetsedwa katundu wamkulu, monga m'mene zimakhalira pazipata za mapaki ambiri a mu Africa muno.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kwambiri, ndipo ndiyenera kuifotokoza mwachilungamo. Pali mitundu iwiri ya alendo ku Galápagos. Wa m'sitima amalipira madola masauzande angapo pa sabata, amadya m'sitima, amagona m'sitima, ndipo gawo lalikulu la ndalama yake limathera kumakampani a ku Quito, ku Guayaquil kapena kunja kwa dziko. Wogona kumtunda amachita lendi chipinda kwa banja la ku Puerto Ayora, madzulo amakadya nsomba pamatebulo amene amayalidwa pakati pa msewu, amakwera takisi, amagula tikiti ya boti lopita ku Isabela kapena ku San Cristóbal. Ndalama yake ndi yochepa, koma imagwera m'manja mwa anthu a pomwepo. Tsono otsutsa akuti madola 100 oonjezerawo wa m'sitima sawamva n'komwe, pomwe wa chikwama chakumsana amawamva mpaka kusintha maganizo. Zotsatira zake n'zakuti mtengo watsopano ukulanga mlendo amene amadyetsa mayi wa lesitilanti, n'kusiya amene amalemeretsa kampani. Amene adaona m'mene mliri wa Covid-19 udaumitsira zilumbazi mu 2020 sangaseke mantha amenewa. Anthu kumeneko alibe fodya kapena tiyi woti atembenukireko. Mlendo ndiye munda wawo waukulu.

Yankho langa likuyambira pa funso ili: kodi kuchuluka kwa alendo kwachokera mbali iti? Mbali ya sitima idamangidwa kale zingwe. Palibe sitima yololedwa kunyamula alendo oposa 100. Gulu lililonse lotsika pamalo otetezedwa limakhala la anthu osapitirira 16 ndipo limayenda ndi woperekeza wa chiphaso cha paki, m'njira yolembedwa, osayandikira nyama kuposa mamita 2. Kuyambira 2012 sitima imayenda ulendo wa masabata awiri umene paki idavomereza, ndipo siloledwa kumangobwerezabwereza malo amodzi. Chiwerengero cha mabedi a m'sitima chakhala chosasintha kwenikweni kwa zaka zambiri. Kukwera konse kwa zaka zapitazi kwachitikira kumtunda, kumene tsopano kumagona alendo ochuluka kuposa a m'sitima, ndipo kumtundako ndi kumene kuli mavuto a madzi, zimbudzi ndi zinyalala. Puerto Ayora idamangidwa pamwala wa chiphalaphala wodzaza ming'alu; madzi a m'mipopi amatungidwa m'ming'alu imeneyo, ndi amchere pang'ono, ndipo zonyansa za m'zimbudzi zimatsikira komweko. Amene amadwala m'mimba chaka chonse ndi mwana wa pachilumbapo, osati mlendo wa masiku anayi. Ndiye tikamati tikuteteza anthu a pomwepo posunga mtengo wotsika, tikuwateteza ku chiyani? Nyumba zogona alendo zikachuluka, n'kumalimbirana mlendo potsitsa mtengo, zimafanana ndi amayi khumi ogulitsa tomato pamzere umodzi: katundu akuyenda, koma phindu palibe. Alendo ocheperako, okhala masiku ambiri ndi kulipira bwino, amasiya ndalama yofanana koma zinyalala zochepa ndi maulendo a ndege ochepa.

Ndisamveke ngati ndikuyeretsa sitima. Mu Januwale 2001 sitima yonyamula mafuta yotchedwa Jessica idagunda miyala pafupi ndi San Cristóbal, ndipo ena mwa mafutawo adali opita kusitima ya alendo. Ofufuza adapeza kuti pachilumba cha Santa Fe, abuluzi a m'nyanja 62 pa 100 alionse adafa chisanathe chaka. Wa m'sitima naye ali ndi ngongole yake, n'chifukwa chake salipira zochepa.

Otsutsa achitatu ndi amene ife a kuno timawamvetsa msanga. Iwo akuti ndalamazo zidzangodyedwa. Zimagawidwa pakati pa oyang'anira paki, bungwe loletsa tizilombo tachilendo ndi makhonsolo a pazilumbazo, ndipo anthu akufunsa kuti madola 100 a zaka 26 zija adapita kuti ngati madzi akumwa adakali vuto mpaka lero. Funsoli n'loyenera ndipo lisaleke kufunsidwa. Koma taonani kumene likulozera. Ngati msungichuma wa mpingo akukayikitsa, mankhwala ake ndi kuwerengetsa mabuku pamaso pa anthu, osati kuuza akhristu kuti achepetse chopereka denga likudontha. Komanso si zoona kuti ndalama zoteteza zilumbazi sizidagwirepo ntchito yooneka. Pakati pa 1997 ndi 2006, ntchito yotchedwa Project Isabela idapha mbuzi zoposa 140,000, ina mwa ntchitoyo pogwiritsa ntchito mahelikoputa, ndipo tchire la akamba lidaphukanso. Pachilumba cha Española padatsala akamba 14 okha. Adawatenga kukawasunga, n'kuwaonjezera wamphongo mmodzi wochokera kumalo osungira nyama ku San Diego, ndipo mwa akamba 15 amenewo mudatuluka ana pafupifupi 2,000. Mu 2020 makolowo adabwezedwa kwawo. Ntchito yotere imatenga zaka makumi asanu ndipo siyendera mapemphero okha. Onjezani nyanja yotetezedwa imene idakhazikitsidwa mu 1998, ya makilomita 133,000 m'bwalo lake, yaikulu kuposa Malawi yense ndi nyanja yake yomwe. M'nyanja imeneyo, mu Ogasiti 2017, adagwira sitima ya ku China itanyamula matani pafupifupi 300 a nsomba, zambiri mwa izo shaki. Boti lolondera limamwa mafuta, ndipo mafuta sagulidwa ndi mitengo ya mu 1998.

Palinso mantha akuti Galápagos ndiyo nyambo ya dziko lonse, ndiye ukakweza mtengo wa nyambo, Quito ndi Cuenca nazo zisowa alendo. Apa ndikuona kuti nkhaniyi yaimitsidwa chadodolido. Vuto limene mizinda ya kumapiri yakhala nalo ndi lakuti alendo ambiri amaiyesa pokwerera ndege: usiku umodzi m'hotela, chithunzi chimodzi pamzere wa equator, m'mawa ulendo wa kuzilumba. Ngati mtengo wa kuzilumba ungachititse ena kuchepetsa masiku a kunyanja n'kuonjezera a kumtunda, wopindula ndi woluka nsalu wa kumsika wa Otavalo ndi woperekeza alendo pamabwinja a Ainka ku Ingapirca. Ndipo wa thumba lopepuka sadatsekeredwe nyama zonse. Mapaki a boma a kumtunda, monga wa Cotopaxi, adayamba kukhala olowa ulere mu 2012. Kufupi ndi Puerto López kuli chilumba cha Isla de la Plata, chimene anthu amachitcha moseka kuti Galápagos ya amphawi. Kumeneko kuli mbalame zija za mapazi obiriwira ngati thambo, ndipo pakati pa Juni ndi Seputembala anamgumi amabwera kudzaswana pafupi ndi gombe. N'zoona kuti alendo a ku Galápagos adachepa mu 2024, koma chaka chomwecho chidayamba ndi zigawenga kulowa ndi mfuti m'nyumba youlutsira wailesi yakanema ku Guayaquil pa 9 Januwale, Pulezidenti Daniel Noboa n'kulengeza kuti dziko lili pankhondo ndi magulu a zigawenga. Woika mlandu wonse pa madola 100 waiwala zithunzi zimene dziko lapansi lidaona mwezi umenewo.

Wina angafunse kuti nkhani ya kutsidya kwa nyanja ziwiri ikutikhudza bwanji. Ikutikhudza chifukwa pamene UNESCO inkalemba Lake Malawi National Park m'kaundula wake mu 1984, chifukwa chachikulu chidali nsomba za mbuna, zimene kufunika kwake pa maphunziro a kusinthika kwa zamoyo amakuyerekeza ndi timbalame ta ku Galápagos tomwe tija. Ku Cape Maclear nako kuli mudzi wa Chembe pakati pa paki, kuli malo ogona alendo m'mphepete mwa madzi, kuli mabwato opita kuzilumba, ndipo nsomba yachilendo imodzi itakhazikika m'nyanjamo palibe helikoputa ingaichotse. Ife tidakali pamsinkhu wopempha alendo kuti abwere, ndipo n'koyenera kutero. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mwambiwo udapekedwa poganizira mlendo mmodzi wa pakhomo, osati ndege zingapo patsiku, chaka chonse, wina akutuluka wina akulowa.

Otsutsa otsiriza ndi a mbali ina, ndipo ndi okhawo amene ndikuwagonjera pang'ono. Iwo akuti madola 200 sangachepetse anthu, chifukwa wofunitsitsa alipirabe, ndiye boma langopeza ndalama popanda kuthetsa vuto. Akunena zoona kuti mtengo si mpanda. Rwanda imalipiritsa madola 1,500 kuti munthu akhale ola limodzi ndi anyani akuluakulu a m'mapiri, koma chimene chimateteza anyaniwo si mtengowo ayi, ndi lamulo lakuti banja limodzi la anyani lichezeredwe ndi anthu 8 okha patsiku. Ku Peru, njira ya Ainka yopita ku Machu Picchu imalandira anthu 500 patsiku, kuphatikiza onyamula katundu, ndipo ziphaso zikatha zatha. Poyerekeza ndi zimenezi, madola 200 olipira kamodzi pa ulendo wonse wa ku Galápagos ndi mtengo wachifundo. Koma kunena kuti sitepe yoyamba siyidafike padenga si chifukwa choithyolera. Ndalama ikufunika lero kuti alonda alipidwe ndi katundu afufuzidwe padoko, pomwe malire a chiwerengero ndi nkhondo ya ndale imene idzatenga nthawi, chifukwa aliyense wokhala ndi chipinda chobwereketsa ali ndi voti. UNESCO idaika kale zilumbazi pamndandanda wa malo amene ali pachiopsezo kuyambira 2007 mpaka 2010, ndipo kuchuluka kwa alendo kudali chimodzi mwa zifukwa zake. Nthawi imeneyo alendo adali pafupifupi theka la a mu 2023. Chimene chikusowa si njira yowerengera anthu. Ndege zochokera kumtunda zimatera pamabwalo awiri okha, la Baltra ndi la San Cristóbal, ndipo mlendo aliyense amagula kale khadi ya madola 20 yolembedwa dzina lake asanakwere ndegeyo. Tsiku limene boma lidzalimbe mtima n'kunena kuti makhadi a chaka chino ndi akutiakuti, silidzafunika kumanga ofesi yatsopano ngakhale imodzi.